Mphunzitsi Amene Anabweza Mawu Kwawo

Panali mphunzitsi wina kumapiri a m'malire, kuja kumene msewu umodzi umagawa mayiko awiri, uku kwathu, tsidya linalo ku Mozambiki. Anthu ankawatchula kuti a Mtambalika. Anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo palibe amene anaonapo mano awo am'kati.

Pasukulu pawo panali lamulo. Mwana akalankhula Chichewa pabwalo, ankamuveka chigoba cha nkhono m'khosi, chomangidwa ndi luzi. Mwanayo ankayenda nacho makutu ali tcheru, kusaka mnzake woti aterereke lilime kuti amupatsire. Amene belu lowerukira lamupeza nacho, ameneyo ndiye ankalawa chikoti. Masukulu ambiri ankachita zimenezi, koma a Mtambalika anawonjezerapo zawo. Kwa iwo, ngakhale liwu limodzi lokha lachikuda likagwera m'Chingerezi, unali mlandu. Ankati Chingerezi ndi madzi a pampopi, zinenero zina zonsezi ndi madzi a pachithaphwi, ndipo munthu wanzeru sathira ziwirizi mumtsuko umodzi.

Atapuma ntchito anabwerera kumudzi kwawo. Anabwera ndi peni yofiira yochongera mayeso, buku lalikulu lotanthauzira mawu lija amati dikishonale, lolemera ngati njerwa ziwiri, ndiponso mkazi wawo. Mkaziyo anali wa tsidya lina la msewu. Mwana Mulungu sanawapatse, choncho m'nyumbamo anali awiriwiri basi. Aphunzitsi ankamuitana ndi dzina lake lenileni, Dorika, monga amachitira azungu, ndipo amayi a m'mudzimo akamva ankagwira pakamwa.

Tsiku lina la msika aphunzitsi anavala jekete lawo n'kutsikira kumsewu. Ataima pa mulu wa tomato, mayi wogulitsayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaomba m'manja.

"Aphunzitsi! Ndinu ndithu? Mwandiiwala? Ndine Falesi, uja ndinakhala nacho chigoba sabata yathunthu mpaka khosi linatuluka zidzolo."

A Mtambalika anamuyankha m'Chingerezi choyera, kuti sanabwere kudzacheza, akufuna tomato.

"Eee, taimani kaye," anatero Falesi. "Liwu lomalizalo, ndi chinenero chanji?"

"Chingerezi. Ukanamvetsera m'kalasi, sukanafunsa."

"Iyayi, aphunzitsi. Mukuwaona anzanga awo tsidya ilo? M'kalasi mwanu sanapondemo, Chingerezi sachidziwa olo pang'ono, amangodziwa Chipwitikizi chawo. Koma iwonso amati tomate. Ndiye tandiuzeni, anabera mnzake ndani? Kafufuzeni. Mukakapeza kuti nanunso mwakhala mukusakaniza zaka zonsezi, nkhono kudimba kwanga zilipo zambiri, ndikusankhirani yaikulu."

Amayi a pamsika anaseka mpaka wina anagwetsa lichero. Aphunzitsi anatenga tomato wawo n'kukwera phiri osacheuka.

Atafika kunyumba sanavule ndi jekete lomwe. Anatsegula buku lija. Tsono m'buku limenelo, pambali pa liwu lililonse pamakhala timalemba ting'onoting'ono tonena kumene liwulo linachokera. A Mtambalika zaka zonsezo ankatilumpha timalembato, monga mmene munthu amalumphira mayina ovuta m'Baibulo. Tsiku limenelo anatiwerenga.

Falesi sananame. Angerezi liwulo analitenga kwa Asipanya, ndipo Asipanya analitenga kwa anthu a kutsidya kwa nyanja yamchere amene anakawalanda dziko. Aphunzitsi anapukuta magalasi awo n'kuwerenganso. Linali lomwelo.

Anatsegula pena. Tiyi anali wa ku China. Shuga anayenda ulendo wautali, kuchokera kwa Amwenye, kudzera kwa Aluya, kenako Afalansa, mpaka kufika pakamwa pa Mngerezi atatha mbali zonse ngati khasu lakale. Anatsegula pa sukulu, liwu limene linawadyetsa moyo wawo wonse. Linali la Agiriki, ndipo kwawoko poyamba linkatanthauza nthawi yopuma, yongokhala osagwira ntchito.

Munthu wina akanaseka, n'kutsika phiri, n'kukanena kuti, "Falesi mwana wanga, khosi lako ndinalilakwira." A Mtambalika ayi. Iwo anati Chingerezi sichinalakwe, changolowereredwa ndi alendo osagogoda, ndipo ngati eni ake agona, iwo ndiwo achisese. Anatenga peni yofiira ija. Anakhwatcha mzere umodzi pa liwu loti tomato, n'kunena mokweza ngati akutulutsa mwana m'kalasi, "Pita kwanu."

Sikunagunde bingu. Nkhuku panja zinapitiriza kupalasa.

Masana Dorika anabweretsa chakudya. Aphunzitsi anayang'ana m'mbale ya ndiwo, n'kuona masamba otuwa, osambira m'madzi.

"Dorika, bwanji waphika ndiwo zopanda..."

Anaima. Anasakasaka pakamwa. Pamene panali liwulo panali dzenje, ngati pamene pachoka dzino.

"Zopanda chiyani, bambo?"

"Zopanda chija ndagula kumsika."

Dorika analoza m'mbalemo n'kuyankha. Aphunzitsi anaona milomo yake ikuyenda, anamva kuti "Si uyu wadzaza apa," koma pamene panayenera kumveka dzinalo panangoti zii, ngati wailesi ikathawa siteshoni. Analawa. Lilime silinapeze kanthu.

Mwina wina afunsa kuti bwanji sanangonena kuti phwetekere. Liwu limenelo aphunzitsi analitaya kalekale, ankati ndi la anthu osapita kusukulu. Ndipo dzina limene munthu unalisiya kulitchula silikugwirira kanthu tsiku la mavuto.

Mantha anawagwira, inde. Koma pansi pa manthawo panali kukoma kwina. Zaka zonse zija ana ankawamvera chifukwa cha chikoti, n'kumawatukwana kumbali. Lero chinthu chenicheni chawamvera, chachoka osayankha mwano. Atasamba m'manja anabwerera pa buku.

Kuyambira tsiku limenelo inakhala ntchito yawo, kuyamba m'mawa ngati akupita kukalasi, kuweruka dzuwa likapendeka. Anakhwatcha tiyi, ndipo m'mawa mwake anamwa madzi otentha. Anakhwatcha shuga, ndipo ankaona supuni ya Dorika ikutunga mphepo m'chitini. Botolo linali la Afalansa. Analikhwatcha, ndipo patapita masiku awiri anaponda pabwalo poyera, phazi n'kung'ambika, magazi chuchuchu, osaona chimene chawacheka. Matiresi anali a Aluya. Msana wawo unayamba kuwerenga matabwa a bedi. Bulangete nalo linali la Afalansa, jekete chimodzimodzi, ndipo umenewo unali mwezi wa Juni, mphepo ya m'mapiri ikuluma. Dorika ankawaveka jeketelo ndi manja ake, n'kumanga mabatani, koma iwo ankangonjenjemera ngati ali ndi malaya okha.

Zina zinkapulumuka. Tebulo atalikhwatcha linayamba kuzilala m'maso mwawo, koma anakumbukira liwu la m'Baibulo loti gome, analitchula msanga, ndipo linabwerera n'kuima ndi miyendo yake inayi. Apo anazindikira kuti chinthu chokhala ndi mayina awiri chimagwira ndi linalo. Ndiye atafika pa windo, n'kupeza kuti linabwera ndi achifwamba a kumpoto kozizira amene ankafika pa ngalawa, ndipo kwa iwo linkatanthauza diso la mphepo, sanade nkhawa. Anakhwatcha, n'kunena monyada, "Tili nalo lathu. Zenera."

Dorika anali pakhomo akusankha nyemba. Anaseka pang'ono.

"Lathu liti? Limenelo ndi la Apwitikizi, bambo. Kwathu amati janela. Tinangolipinda kuti likwane pakamwa pathu."

Ananena mosaganiza kanthu, monga munthu amanenera kuti kukubwera mvula. Aphunzitsi analemba liwulo m'mphepete mwa tsamba ndi dzanja lawo, n'kulikhwatcha. Khoma linatsekeka. Dzuwa lili paliwombo, m'nyumba munada ngati m'nkhokwe. Ananyamula buku n'kukakhala pakhonde.

Tsiku limene anakhwatcha sukulu, anayenda dala kukaona. Anapeza bwalo lopanda kanthu, udzu ndi fumbi. Ana mazanamazana ankalowa pakhomo losaoneka, n'kukhala m'mizere, n'kumaimba molunjika kutsogolo. Aphunzitsi anaima nthawi yaitali, kuyesa kukumbukira kuti kodi iwo ankadzatani pamalo ngati amenewa zaka zonse zija. Sanakumbuke. Anabwerera.

Liwu loti peni nalonso n'lobwera, linali la Aroma ndipo linkatanthauza nthenga ya mbalame. Koma tsamba limenelo aphunzitsi ankalitsegula mothamanga, maso ali kumwamba. Ngakhale woweruza wouma mtima amadziwa pamene pali mphika wake.

Miyezi iwiri inatha. Buku linafiira ngati thewera la wopha mbuzi. Mawu otsala anali ochepa, owuma: madzi, mwala, dzanja, nyumba, njala. Aphunzitsi anaonda. Ankayenda m'nyumba mwawo momwe manja ali patsogolo.

M'mawa wina Dorika anabwera pakhonde, anayala chitenje, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Bambo, ndilankhuleko?"

"Lankhula."

"Ine kusukulu sindinapite patali. Koma ndaona kuti chilichonse mwachithamangitsa m'nyumba muno chinali chokuthandizani. Chinakulakwirani n'chiti? Shuga anakutukwanani?"

"Si nkhani ya kulakwa. Ndi nkhani ya kwawo. Chilichonse chili ndi kwawo."

"Chakhala pano zaka zonsezi, chasintha ndi katchulidwe komwe, eni ake atakumana nacho panjira sangachizindikire. Kwawo n'kuti tsopano?"

"Kumene chinachokera."

"Ohoo." Dorika anakonza mpango wake. "Nanga ine? Paja mwambo wathu mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi. Inu munakana chikamwini, munati mphunzitsi wa boma sangakalime munda wa apongozi. Munakagwada kwa alongo anga kupempha chitengwa, iwo n'kukubwerekani ine. Zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ndiye poti mukusesa, musese bwino. Tsegulani, muone ngati ndilimo."

Dorika ankanena zimenezi pofuna kuwachititsa manyazi kuti aleke. Akazi amadziwa kuti mwamuna ukamufikitsa pamphepete pa phompho amabwerera yekha. Koma Dorika anaiwala kuti anakwatiwa ndi munthu amene sanabwezepo chilango, ngakhale mwana atakomoka.

Kumapeto kwa buku lija kunali masamba a mayina a anthu. Aphunzitsi anatsegula, chala chikutsika pang'onopang'ono. Analipeza. Linali la Agiriki, ndipo linkatanthauza nswala.

"Lilimo," anatero.

"Ndiye mutani?"

Aphunzitsi ankadziwa chimene chinachitikira tiyi, ankadziwa chimene chinachitikira zenera. Koma anadziuza kuti munthu si botolo. Anadziuzanso kuti akalekerera liwu limodzi chifukwa choti amalikonda, ndiye kuti Falesi wapambana, ndipo ana onse aja anawakwapula pachabe. Dzina lawo la iwo eni sanaliyang'ane. Anatsitsa peni.

"Lamulo silisankha nkhope," anatero. Anakhwatcha. "Pita kwanu."

Atadzutsa maso, pakhonde panali chitenje choyalidwa, chobonyeka pakati ngati pakhala munthu. Nkhuku zinali kupalasa.

Anatsegula pakamwa kuti amuitane. Panali dzenje.

Anaimirira, buku n'kugwa. "Mayi!" Zii. "Akazi anga!" Zii. Amenewo ndi maudindo, si mayina, mkazi aliyense m'mudzimo akanatha kuyankha. Apo anakumbukira za gome. Dzina lachiwiri! Mkazi aliyense ali ndi mfunda wa makolo ake, umene mwamuna waulemu amamuitanira. Koma iwo anauletsa tsiku lomwe anamutenga, ankati mfunda ndi zachimidzi. Zaka zonse zoyendayenda m'masukulu akutali anthu ankangoti amayi a kwa aphunzitsi. Anaudziwapo kale, inde. Anaufunafuna m'mutu monse.

"ANaphiri?" Zii. "ANabanda? ANangozo? ANambewe?"

Anatchula yonse imene ankaidziwa, ngati akuitana mayina m'kaundula. Chitenje chija chinadzuka chokha, chinadzikung'untha fumbi, chinapindika kanayi, n'kulowa m'nyumba.

Anatola buku, anapaka malovu pa mzere wofiirawo, anapekesa ndi chala. Pepala linabooka.

Masabata atatu anakhala choncho. Tsache linkasesa pabwalo lokha. Ndowa inkabwera kuchokera kuchitsime ili m'mwamba, madzi osatayika. Mbale inkatera patsogolo pawo, chakudya chili chotentha, chophikidwa monga amachikondera. Nthawi zina ankamva kufunda pambali pawo, ngati wina wakhala pafupi, ndipo ankatambasula dzanja n'kugwira mphepo. Tsiku lina anaona timadontho tikugwera pa gome, kamodzi, kawiri, katatu, denga lisakudontha. Kufunsa anansi za mfundawo anachita manyazi. Mphunzitsi wamkulu angakaime pakhomo pa munthu n'kunena kuti ndaiwala mkazi wanga ndi wa kwa yani? Ankati mawa ndikumbukira ndekha.

Sabata lachinayi, dzuwa litakwera, kunabwera mlendo. Anali a Manuwele, mlongo wake wamkulu wa Dorika, nkhalamba yaitali yoyenda ndi ndodo. Anakana mpando. Anaima pabwalo.

"Alamu, uthenga watipeza. Akuti masabata atatu simukuwalankhula achemwali angawa. Akakupatsani moni mumayang'ana kumbali. Akaima patsogolo panu mumawadutsa ngati chitsa. Anakulakwirani chiyani?"

"Palibe, alamu. Sindikuwaona."

"Simukuwaona? Ndi awa aima apawa. Akulira. Ine ndi ng'ala yangayi ndikuwaona, inu ndi magalasi anuwo ayi?"

A Mtambalika anayang'ana pamene ndodo inaloza. Panali dothi, ndi mapazi awiri odindika m'fumbi, oyandikana.

"Ife tinakupatsani munthu," anatero a Manuwele. "Ngati mwatopa naye, mwambo mukuudziwa. Simutaya kuthengo. Mumabweza kwa eni ake. Poti inu mwalephera kubwera naye, ndabwera ndekha."

Apo aphunzitsi anachita chimene sanachitepo chibadwire. Anagwada m'fumbi, pamaso pa munthu wosadziwa kulemba dzina lake.

"Alamu, ndithandizeni chinthu chimodzi chokha. Ndikumbutseni mfunda wawo. Mukangounena, ine ndiutchula, ndipo ndiwaona. Ndapota nanu."

A Manuwele anawayang'ana nthawi yaitali.

"Zaka makumi anayi mukudya za m'manja mwawo, mfunda wawo simuudziwa?"

"Ndinaudziwa. Unandithawa."

"Si wanga ndekha woti ndingopereka. Ndifunse eni ake."

Nkhalambayo inatembenukira pa mapazi aja. Inalankhula motsitsa. Kenako inapendeketsa mutu, kumvetsera. Inamvetsera nthawi yaitali, ikugwedeza mutu pang'onopang'ono. Aphunzitsi anatchera makutu mpaka anamva magazi awo akuyenda, koma mawu a mkazi wawo sanawamve.

A Manuwele anatembenuka.

"Akuti ufa uli mumtsuko waukulu, ukwana mpaka mwezi wa mawa. Akuti bala la kuphazilo muzilitsuka ndi madzi amchere. Koma mfundawo akuti ausunga okha. Ndi dzina limodzi lokha limene latsala nawo, ndipo akuopa kuti mungakalipezenso m'buku mwanu."

M'nyumba munatuluka mtolo womangidwa m'chitenje. Unakwera m'mwamba, n'kuima pa msinkhu wa mutu wa munthu. A Manuwele anatsogola ndi ndodo yawo, mtolo uli pambuyo, ukugwedezeka pang'ono uku ndi uku monga amayendera mayi wachikulire. M'fumbi mapazi ankadindika limodzi limodzi.

Aphunzitsi anatsatira mpaka pamtunda poonekera msewu. Anaona nkhalamba ija ikuwoloka. Mtolo unafika m'mphepete mwa msewu wa tala uja, n'kuima. Unatembenuka pang'onopang'ono, kuyang'ana kuphiri. Unadikira.

A Mtambalika anatsegula pakamwa. Anakoka mpweya wonse umene unali m'chifuwa mwawo. Panatuluka mphepo yokha.

Mtolo unatembenukanso, n'kuwoloka.

Tsono inu amene mukundimva, makamaka inu ophunzira, amene mumakwinya mphuno mnzanu akasakaniza mawu. Chingerezi mumachigwadiracho chinalemera chifukwa sichinabweze mlendo pakhomo. Chinatola kwa Mgiriki, kwa Mluya, kwa Mmwenye, n'kuwapatsa pogona, ndipo alendowo anakhalitsa mpaka anasintha nkhope. Chathuchinso n'chimodzimodzi. Liwu limene lakutumikira zaka zambiri usalifunse chiphaso. Ndipo musanayambe kufufuza kuti m'nyumba mwanu chobwera n'chiti, pitani kaye mukayang'ane amene wakuphikirani lero. Mukamufunse mayina ake onse, muwatchule akadali pafupi moti n'kukuyankhani.